Kachitsulo ka maboo asanu kamene kakafa fakitale yonse imaima

Mwana wa mlongo wanga akuphunzira zokonza makina, ndipo miyezi ino amutumiza kukaona ntchito yeniyeni pa fakitale ina cha ku Workington, kuno ku Harare. Lamlungu lina anafika kwathu ku Mufakose nthawi ya nsima. Tisanasambe n'komwe m'manja, anapisa m'thumba la jekete n'kuika patebulo kachitsulo kotuwa, kokulirapo pang'ono kuposa bokosi la machesi, ka maboo asanu, dzina la amene anakapanga litafufutika kale ndi oilo.

"Amalume, kamenekatu katigonetsera makina masiku atatu. Katsopano achita kuitanitsa ku Johannesburg, ndipo mtengo wake ukuposa lendi ya chipinda changa. Muli golide kodi m'katimo?"

Ndisanayankhe anandionetsanso nkhani pafoni, yakuti Festo, kampani ya ku Germany yopanga zinthu zamtundu womwewu, inakwanitsa zaka 100 mu 2025, ili ndi antchito pafupifupi 20,000, ndipo pachaka imagulitsa katundu wa mayuro oposa 3 biliyoni. Chinamuzunguza mutu n'chakuti anthu angalemere bwanji chonchi ndi tizitsulo timeneti totchedwa mavalavu, tongotsegula ndi kutseka mpweya, mpweya womwewu timapuma ulele tonsefe. Ine ndakalambira pa makina amenewa, choncho ndinamuyankha mpaka nsima inazizira. Pano ndangowongolako kuti nawonso amene sanapondepo m'fakitale amve.

## Mpweya ukapanikizidwa umagwira ganyu

Aliyense amene anapopapo njinga akudziwa kale chiyambi chake. Mukatseka kukamwa kwa mpope ndi chala n'kukankha, mpweya umakana, umakubwezerani dzanja. Mwaupanikiza pamalo ochepa, ndiye ukusaka potulukira. Mukaupatsa potulukira pamene pali chinthu choti ukankhe, basi wakugwirirani ntchito. M'mabuku luso limeneli limatchedwa pneumatics, mawu ochokera ku Chigiriki onena za mpweya. Ife kuntchito timangoti za mpweya.

Mpope wa m'fakitale ndi kompresa. Imakoka mpweya wapanja, kuupanikiza, n'kuusunga m'thanki, kenako mapaipi amaugawa ku makina onse. Kupanikizikako, kumene amisiri timati puresha, kumayezedwa mu bar. Bar imodzi ili ngati kilogalamu imodzi itatsamira pa kamalo konga chikhadabo, sentimita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi 2 bar kapena kupitirirako pang'ono. Mafakitale ambiri amayendetsa makina awo pa 6 kapena 7 bar.

Chogwira ntchito yooneka ndi silinda, paipi yachitsulo yotseka mbali zonse, yokhala ndi pisitoni m'kati ndi ndodo yotulukira kunja. Mpweya ukalowa kumbuyo kwa pisitoni ndodo imatuluka, ukalowa kutsogolo imabwerera. Musaiderere. Silinda ya mamilimita 50 m'mimba mwake, yosafika n'komwe pa kapu ya tiyi, pa 6 bar imakankha ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 120, kuposa matumba awiri a simenti. Ya mamilimita 100 sikuti imangowirikiza kawiri ayi, imafika cha m'ma 480, chifukwa nkhope ya pisitoni yakula kanayi. Zala za anthu ambiri zinatsalira pamenepa.

Ndiye mukamva "tsss, tsss" m'fakitale yodzaza zakumwa m'mabotolo kapena yolongedza ufa ndi shuga, kapena chitseko cha basi ya ku Blantyre chikamatseguka pa siteshoni ya mabasi ya Roadport, umenewo ndi mpweya umene wamaliza ganyu yake ukutayidwa. Wouuza nthawi yolowa ndi yotuluka ndi kachitsulo kaja kanali patebulo panga.

## Chibuma cha kudimba

Valavu ndi chipangizo chotsegula, kutseka kapena kupatutsa njira ya mpweya, madzi kapena gasi. Vavu ya chubu cha njinga ndi yomweyo, mpopi wa madzi ndi yomweyo. Pa makina a mpweya, yofunika kwambiri ndi yopatutsa. Taganizani mlimi akuthirira kudimba. Madzi akubwera ndi ngalande imodzi, iye ali ndi chibuma chimodzi. Akatseka nacho kumanzere madzi amalowera kumanja, akachisuntha amatembenukira kumanzere. M'kati mwa valavu chibuma chimenecho ndi kandodo kosalala, kokhala ndi malo ena onenepa ena owonda, kovala timphete ta labala. Dzina lake ndi spool. Kakasuntha mamilimita ochepa chabe, maboo ena amalumikizana, ena amatsekeka.

Mmisiri akapita kusitolo ya fakitale sanena zambiri, amangoti "ndipatseni 5/2". Nambala yoyambayo ndi kuchuluka kwa maboo, yachiwiri ndi malo amene spool ingaime. Ya 2/2 imangotsegula ndi kutseka ngati mpopi. Ya 3/2 ili ndi boo lachitatu lotayira mpweya, ndipo imayenerana ndi silinda imene imabwerera yokha ndi sipuling'i. Ya mphwanga ija inali 5/2. Mukayang'anitsitsa pambali pa maboo pali timanambala: 1 ndi polowera mpweya, 2 ndi 4 amapita ku mbali ziwiri za silinda, 3 ndi 5 ndi potayira. Palinso 5/3, imene ili ndi malo apakati oimitsira silinda panjira.

Maboo otayirawa anthu amawaiwala, chonsecho ndi amene amasiyanitsa valavu ndi chibuma cha mlimi uja. Madzi a kudimba akapita apita, amalowa m'nthaka. Mpweya wa mu silinda uyenera kutuluka kuti unzake wa mbali inayo ukankhe. Ukapanda kutuluka zimakhala ngati anyamata awiri ofanana mphamvu akukankhana chitseko, wina m'nyumba wina panja. Pa maboo amenewa timamangapo tosefa tochepetsa phokoso, ndipo tikatsekeka ndi oilo ndi fumbi, silinda imayamba ulesi. Ndaonapo anthu akukweza puresha mpaka 8 bar kufuna kuchiza ulesi umenewu, pamene mankhwala ake anali kasefa kotchipa kwambiri pa makina onsewo.

## Wosuntha chibumacho ndani?

Mavalavu ena amasunthidwa ndi dzanja, ena ndi phazi, ena amagundidwa ndi makina omwewo. Koma ochuluka masiku ano ndi a solenoid. Imeneyi ndi waya wopyapyala wokulungidwa kambirimbiri, timati koilo, umene magetsi akadutsamo umasanduka maginito n'kukoka kachitsulo. Si nzeru yadzulo: kampani ya ku America ya ASCO inayamba kupanga mavalavu otere mu 1910. Lamulo loti koilo iyake limachokera ku PLC, kakompyuta koyang'anira makina.

Apa pali kanzeru kamene ndimakakonda. Koilo yaing'ono ilibe mphamvu yosunthira spool yaikulu. Ndiye m'mavalavu ambiri koiloyo imangotsegula kaboo kakang'onong'ono, mpweya n'kudutsa pamenepo kukakankha spool wokha. Kamwana kapangolo sikangakoke ngolo, koma kakangokweza mkwapulo ng'ombe zimanyamuka. Kachitidwe kameneka kamatchedwa pilot, ndipo kali ndi khalidwe lake: puresha ikatsika kufika cha m'ma 2 bar kapena pansi pake, ng'ombe zija palibe. Kagetsi ka pa koilo kayaka, mumva "ka!", koma silinda ili duu. Ophunzira ambiri amathamangira kusintha valavu yabwinobwino chifukwa chosayamba ayang'ana geji yoonetsa puresha.

Pambali pa koilo pamakhala kabatani kosunthira valavu ndi dzanja. Mukakadina silinda n'kuyenda, vuto lili ku magetsi. Ikapanda kuyenda, sakani ku mpweya. Kabatani kameneka kamathetsa mkangano wa amagetsi ndi amakanika m'mphindi imodzi, mkangano umene ukanatha tsiku lonse. Chenjeraninso ndi makoilo, chifukwa pamaso amafanana koma ena ndi a mavoti 24, ena a 220. Ya 24 mukaipatsa 220 imanunkha kamodzi kokha.

Pali chisokonezo china cha mawu. Anthu akamati valavu ya mpweya, nthawi zina akunena valavu yaikulu ya pa paipi ya mkaka, mowa, nthunzi kapena matope a kumgodi, imene imatsegulidwa ndi mphamvu ya mpweya. M'kati mwake mumakhala mpira wachitsulo woboola pakati kapena kambale kozungulira, ndipo pamwamba pamakhala chipangizo chokhala ngati silinda chouzungulitsa madigiri 90. Ikafunika kutseguka pang'ono chabe, pamawonjezeredwa positioner, imene imamva uthenga wa magetsi n'kuimitsa valavu pamene yauzidwa. Koma ngakhale chimphona chimenechi kawirikawiri chimalamulidwa ndi kavalavu konga kaja ka patebulo. Mpweya amaukondera kuti suthetheka moto pamalo a gasi kapena fumbi la ufa, suopa madzi otsukira, ndipo silinda ikakanirira siipsa ngati mota.

## Magetsi akathima, imagwera mbali iti?

Kuno funso limeneli si la m'kalasi, makamaka zaka zimene madzi achepa ku damu lopangira magetsi la Kariba. Valavu ya koilo imodzi ili ndi sipuling'i, ndipo magetsi akapita imabwerera kwawo. Ya makoilo awiri imakhala pomwe inasiyidwa, ngati kuti ikukumbukira. Wopanga makina amasankha dala. Chogwirira katundu wolemera sichiyenera kumasula magetsi akathima, pamene valavu ya gasi wa ku boila iyenera kudzitseka nthawi yomweyo.

Nzeru imeneyi inakulira pa njanji. George Westinghouse anapanga mabuleki a mpweya a sitima mu 1869, koma oyambirirawo anali ndi chilema: paipi ikaduka, mabuleki onse apita. Mu 1872 anazitembenuza, kuti puresha ya mu paipi ikagwa, valavu ya pa bogi iliyonse imange mabuleki yokha. Madalaivala athu a mathiraki odutsa pa Nyamapanda kupita ku Tete ndi ku Mwanza amakhala ndi mdzukulu wa nzeru yomweyo. M'mawa thiraki silinyamuka mpaka mpweya udzaze, chifukwa mpweyawo ndi umene umamasula masipuling'i omanga mawilo.

Chowopsa n'chakuti kuthimitsa magetsi sikuchotsa mpweya. Umakhalabe m'mapaipi ndi mu silinda, uli phee, kudikira dzanja la munthu. Musanapise mkono m'makina, tsekani mpweya, utayeni, muone geji ili pa 0. Ndipo chizolowezi chija chodzipemerera fumbi pa ovolosi ndi paipi ya mpweya poweruka chisiyeni. Mpweya wa 6 bar ukhoza kulowetsa tizitsulo m'diso, ngakhale kulowa m'thupi kudzera pabala.

## Chimene chimapha mavalavu ku Harare kuno

Ndi madzi. Mpweya wapanja umakhala ndi chinyezi, makamaka kuyambira Novembala mpaka Malichi. Kompresa ikaupanikiza pa 7 bar, mpweya umene ukanadzaza migolo pafupifupi 8 walowa mu mgolo umodzi, limodzi ndi chinyezi chake chonse. Ukangozizira, chinyezicho chimasanduka madzi. Amatsuka girisi wa m'kati mwa valavu, amachititsa dzimbiri m'mapaipi, dzimbirilo n'kumakanda timphete ta labala. N'chifukwa chake pamakhala makina oumitsa mpweya, sefa pafupi ndi makina alionse, ndi kampopi pansi pa thanki. Kampopi kameneka ndi kamene kamaiwalika.

Kutalika kwa dera lathu nakonso kumadya. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mpweya wake ndi wopepuka, cha m'ma 0.85 bar, pamene ku Beira kunyanja ndi 1 bar. Kompresa yomweyo ikabwera kuno, pa kukoka kulikonse imapeza mpweya wochepa ndi pafupifupi 15 peresenti. Wogula mongowerenga kabuku kolembedwera kunyanja amadabwa puresha ikugwa makina onse akayaka.

Za oilo ndinenepo mwachidule. Mavalavu ambiri amakono amabwera ndi girisi wawo wokwanira moyo wawo wonse. Mukayamba kuwathirira oilo mu mpweya, oiloyo amatsuka girisi uja, ndiye mwalowa ukwati wosatha: mukadzasiya tsiku limodzi, auma.

Si nthawi zonse valavu imakhala yolakwa. Ndili mnyamata, pa fakitale ina imene sinditchula, makina olongedza ankangoti "tsssss" osalekeza pa boo lotayira. Tinasintha valavu, phokoso lomwelo. Tinasinthanso ina, chimodzimodzi. Usiku umenewo panali madala ena obadwira ku Dedza amene sankakonda kulankhula. Anadikira ndodo ya silinda ituluke yonse, anatiuza tichotse manja, anazula paipi ya mbali imene sinkayenera kukhala ndi mpweya, n'kundiuza ndiyandikize chikhatho. Mpweya unkatuluka kuchokera ku silinda. Mphete ya pisitoni inali itang'ambika, mpweya unkadumphira mbali inayo n'kukatulukira ku valavu. "Mwana wanga," anatero akupukuta manja, "mwamanga mboni kawiri, wakuba ali mu silinda."

## Kuchokera pa makina a matabwa

Tibwerere ku funso la mphwanga. Festo sinayambe ndi mpweya. Mu 1925, m'tauni ya Esslingen pafupi ndi Stuttgart, Albert Fezer ndi Gottlieb Stoll anatsegula kampani yopanga makina a akalipentala. Dzina lake analitenga ku mayina awo, Fe ndi Sto. Fezer anachokamo patapita zaka zochepa, kampani n'kutsala m'manja mwa banja la Stoll, ndipo ili m'manja mwawo mpaka lero. M'zaka za m'ma 1950, mwana wa Gottlieb, Kurt Stoll, anakopeka ndi luso la mpweya limene linali litayamba kufala ku America. Nthawiyo mafakitale a ku Germany ankadzukanso nkhondo itatha, ndipo ankasaka njira yotchipa yoti makina azichita okha ntchito zobwerezabwereza. Zida za akalipentala zija zinadzapatuka mu 2000, ndipo ndi zimene lero zimadziwika kuti Festool.

Kupanga valavu yabwino pakokha sikukanawafikitsa pamenepa, chifukwa opanga mavalavu abwino alipo ambiri. Chachikulu n'chakuti wogula woyamba si ife. Ndi kampani ya ku Germany kapena ku Italy yopanga makina odzaza mabotolo. Makinawo akafika ku mafakitale athu a ku Southerton kapena ku Msasa, mavalavu amakhala atakwera kale, makumimakumi. Kwa zaka 20 zotsatira, iliyonse ikafa, mmisiri amawerenga nambala ya pachikwangwani chake n'kuitanitsa yomweyo, chifukwa ndi imene maboo ake, mabawuti ake ndi pulagi yake zikugwirizana. Wopanga valavu amangotsata makina kulikonse kumene apita, n'kutsegula sitolo pafupi. Lero Festo ili ndi nthambi zake m'mayiko pafupifupi 60, ndipo ya ku South Africa ili ku Isando, kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo.

Chinanso ndi sukulu. Mu 1965 anayambitsa nthambi yophunzitsa, Festo Didactic, yopanga matebulo ophunzirira okhala ndi masilinda ndi mavalavu enieni. Mnyamata amene anaphunzirira pa zipangizo zimenezo akadzakhala injiniya wolamula zogula, dzina loyamba kumubwerera m'mutu mukulidziwa. Ena amati uku n'kutukula luso, ena amati ndi malonda ochenjera. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri n'zoona. Kenako mu 1989 anatulutsa valve terminal, mavalavu ambiri osanjidwa pa tsinde limodzi, mpweya wolowera pamodzi ndi chingwe chimodzi cha magetsi m'malo mwa chipiringu cha mawaya. Wopanga makina anapeza mpumulo, koma wogula makinawo anamangika kwambiri ku mtundu umodzi.

Anzawo anakula mwa njira zina. SMC ya ku Japan, imene lero ndi yaikulu kuposa onse pa malonda a zipangizo za mpweya, inayamba mu 1959 ku Tokyo ndi tosefa topangidwa ndi ufa wachitsulo wowotcha. Emerson ya ku America inakula pogula anzake: ASCO mu 1985, Numatics mu 2005, Aventics mu 2018. Norgren inagulidwa ndi IMI ya ku Britain mu 1972. Ndiye dzina la pa valavu yanu yakale mwina lilipobe, koma mwini wake anasintha kalekale.

## Mikangano iwiri imene simatha

Woyamba ndi wa mtengo. Makampani monga AirTAC ya ku Taiwan ndi ena ambiri a ku China amagulitsa mavalavu otsika mtengo, ndipo pali miyezo ya dziko lonse, monga ISO 5599 ya tsinde la valavu ndi ISO 15552 ya masilinda, yolola kuti cha kampani ina chikhale pamalo pa cha inzake. Oyang'anira ndalama amati bwanji tizitaya madola osowa kale, kudikiranso katundu ku Beitbridge, kumalire ndi South Africa, pamene yotchipa ili pomwepa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Oyang'anira makina amayankha kuti valavu imene imasuntha kamodzi pa sekondi iliyonse imakwanitsa maulendo 28,800 pa maola 8, ndipo ikafa pakati pa ntchito, zotayika zimaposa mtengo wake kutalitali. Onse akunena zoona pa makina osiyana. Chimene onse amagwirizana n'chakuti zachinyengo, zomatidwa dzina la eni, ndi nkhani ina. Amakumbutsanso za mazinga: a BSP ofala kuno ndi a NPT a ku America amaoneka ofanana, amalowa pang'ono, kenako n'kumadontha mpweya.

Wachiwiri ndi wa mpweya ndi magetsi. Mpweya wopanikizidwa si waulere. Pa magetsi amene kompresa imadya, ambiri amasanduka kutentha, ndipo ofika pa ntchito yeniyeni amangokhala cha m'ma 10 mpaka 15 peresenti. M'fakitale yosasamalidwa, 20 mpaka 30 peresenti ya mpweya imathera m'mabowo odontha. Mukafuna kumva, lowani m'fakitale pa nthawi ya nkhomaliro makina ataima. Pa jenereta ya dizilo, kulira konseko ndi ndalama. Choncho ena akusamukira ku masilinda oyendera mota yamagetsi, amene amasunga mphamvu ndiponso amaima ndendende pamene mwafuna. Koma ndi odula pogula, ndipo akafa sakonzedwa ndi sipanala ndi timphete ta labala. Festo ndi SMC omwe amagulitsa zonse ziwiri.

Titamaliza kudya tinayala nyuzipepala pakhonde n'kukamasula kachitsulo kaja. Golide munalibe. Munali spool ya aluminiyamu, sipuling'i imodzi, timphete ta labala, ndi phala lofiirira lonunkha dzimbiri limene linamata zonse pamodzi. Ndinamuuza kuti mawa akafika, asanakhudze chilichonse, akapemphe kapitawo wake atsegule kampopi ka pansi pa thanki ya kompresa, ndipo atengeretu ndowa.

Lolemba cha m'ma 9 koloko foni inalira.

"Amalume, ndowa yadzaza. Ndikukatenga ina."